Milu ya manyowa ikununkha mazira ovunda, thandizeni

Nabanda: Moni nonse. Pamalo pathu timapanga manyowa kuchokera ku zinyalala za mumsika, tomato wophwanyika, makoko a nthochi ndi masamba a kabichi, kuti zisamapite kumtaya. Chiyambireni mvula milu itatu yasanduka phala. Ukapisa fosholo, mkati ndi mwakuda bii, moterera, fungo la mazira ovunda. Oyandikana nafe ayamba kudandaula. Nditani?

Phiri: Mayi, miluyo yabanika. Madzi atseka timipata tonse todutsa mpweya, ndiye zinthu zikuola monga zimaolera pansi pa mtaya. Fungolo n'chenjezo chabe. Choopsa ndi mpweya wa methane, umene sununkha n'komwe, koma pa zaka 20 umatenthetsa dziko kuposa mpweya wa carbon dioxide pafupifupi ka 80.

Nabanda: Izi zandipweteka mtima, achimwene. Ntchitoyi tinaiyamba pothawa zomwezo.

Mwale: Musataye mtima, mayi, zimakonzeka. Phwasulani milu yonse mawa m'mawa. Pansi yalani nthambi ndi mapesi kuti mpweya uzilowa, kenako muziunjika mosanjikiza: ndowa imodzi ya zonyowa, ziwiri kapena zitatu za zouma, kaya udzu, masamba ouma, makoko a mtedza. Tapani pang'ono n'kufinya m'dzanja. Akamachucha madzi onjezerani zouma. Pazingotuluka dontho limodzi kapena awiri. Kumbaninso ngalande mozungulira.

Nabanda: Nanga ndikafunditsa pulasitiki?

Mwale: Ayi, mubanikitsanso. Zikani mitengo, lona akhale pamwamba ngati denga, m'mbali muli pululu.

Tembo: Kuno ku Durban, kumtaya wa Bisasar Road ndi wa Mariannhill anakwirira mapaipi okoka mpweya wa methane uja n'kumapangira magetsi. N'zabwino ndithu, koma zimafuna ndalama zankhaninkhani, ndipo wina umathawabe. Kabichi amene inu mwamuletsa kufika kumtaya safuna paipi iliyonse. Ine ndimaona kuti yanuyo ndiye njira yoyenera misika yathu.

Phiri: Chowonjezera: zikani chitsulo pakati pa mulu. Pakatha masiku atatu muzule, chikhale chotentha moti simungachigwire nthawi yaitali. Apo ndiye kuti mwafika cha pa madigiri 55, pomwe mbewu za udzu ndi tizilombo ta matenda zimafa. Chikazizira tembenuzani.

Nabanda: Zikomo nonse. Mapesi ndapeza ngolo imodzi. Utuchi wa kwa kalipentala ungathandize?

Mwale: Ungathandize, bola usakhale wa matabwa opaka mankhwala a chiswe. Muziwaza pang'onopang'ono, ukachuluka umagwirana.