Kodi namkholowa wa mu mwambi wa chizolowezi ndi ndani?

Mdzukulu wa ku Chitakale: Akuluakulu, ndithandizeni. Sabata yatha ndinali kumudzi, ndipo anganga anandipeza ndikutapa shuga m'kabati mwawo kachitatu tsiku limodzi. Sanakalipe. Anangoti, "Chizolowezi cha namkholowa chidazulitsa mbatata," n'kupitiriza kusenda nandolo wawo. Liwu loti chizolowezi ndimalidziwa, timalinena tsiku ndi tsiku. Koma namkholowayu ndi munthu, nyama, kapena chiyani? Nanga shuga ndi mbatata zikukumana pati?

Mphunzitsi wopuma, Luchenza: Mwanawe, yamba ndi kholowa, masamba a mbatata aja timafotetsa padzuwa tisanaphike. "Na" wakutsogoloyo ndi yemwe uja wa mu namwali ndi nankungwi, choncho namkholowa ndi mayi wothyola kholowa. Kupempha kholowa m'munda wa mnzako sinkhani, mwini amangoti kathyoleni. Tsiku loyamba wathyola masamba okha. Lachiwiri chimodzimodzi, ndipo lachitatu sakupemphanso. Kenako waona mng'alu pamzere pomwe mbatata yakhwima, wapisa chala, wafukula imodzi. Mwini sanaone. Mawa ziwiri. Anganga akowo amanena za supuni ya shuga imene poyamba unkapempha.

Wa ku Limbuli: Aphunzitsi, pepani, koma kuno tidamva mosiyana. Choyamba ife timamaliza ndi "mbatata ya pansi". Chachiwiri, mwambiwo sukuti chidazula, ukuti chidazulitsa. Wozulayo ndi wina. Mwini munda adatopa ndi mayi wobwera m'mawa uliwonse, masamba akutha, mbatata osakula, mpaka adangokumba zonse nthawi isanakwane kuti mpata wobwerera usowe. Onse awiri adaluza.

Mphunzitsi wopuma, Luchenza: Achimwene, mwagwira penapake. Komabe "-itsa" akhozanso kuloza mayi yemweyo: chizolowezi chidamuzulitsa, monga timanenera kuti njala idamubetsa. Ine ndikhalabe pomwe ndaima, ngakhale tanthauzo lanulo landigwedeza.

Mayi wothyola tiyi, Thyolo: Inu nonse mukukamba ngati chizolowezi ndi chinthu choipa chokhachokha. Bwerani kuesiteti mvula ikayamba mu Disembala, tiyi akaphuka. Wobwera kumene amayang'ana tsamba lililonse, dzuwa n'kufika pamutu dengu lili theka. Ife manja amadziwa okha masamba awiri ndi kansonga, pakamwa tikucheza za maliro a dzulo. Pa sikelo kapitawo safunsa kuti ndani wakale, kulemera kwa dengu kumanena. Timati manja anazolowera, ndipo ana aphunzira ndi manja amenewo. Koma liwu lomwelo, munthu akakuloza chala n'kuti "wandizolowera", dziwa kuti zavuta. Namkholowayo sanazolowere kuthyola kokha, adazolowera mwini munda. Manyazi opempha aja atatha m'pamene zidaonongekera.

Mdzukulu wa ku Chitakale: Amayi, apa ndiye mwandilasa. Ndiye kuti ndawazolowera anganga?

Mayi wothyola tiyi, Thyolo: Kachitatu tsiku limodzi, shuga wa masiku anoyu? Dziyankhe wekha, mwanangu.

Wogulitsa mbatata pa Bvumbwe: Ndingoponyapo kanga. Mwa mitundu ya mbatata yofiira m'kati imene alangizi amalimbikitsa muli Zondeni, Kaphulira, Chipika, ndiye pali ina dzina lake Kadyaubwerere. Amene adatcha dzinali ankamudziwa namkholowa! Ndipo a ku Limbuli sakunama pa za ulimi: ukamathyola masamba pafupipafupi mbewu idakali yanthete, pansi pamabala timbatata tonga zala. Chifukwa chake azimayi odziwa amathyola apa ndi apo, osakhazula phando limodzi.

Wa ku Limbuli: Mwamva aphunzitsi? Wamsika wandivomereza.

Mphunzitsi wopuma, Luchenza: Wakuvomerezani pa za mbatata, osati pa za galamala.

Mdzukulu wa ku Chitakale: Ndawaimbira foni anganga kuti atiweruze, kuti wozula anali mayiyo kapena mwini munda. Aseka mpaka kutsokomola. Akuti iwo mwambiwo adaumva kwa amayi awo ndipo sadafunsepo zimenezo, koma ndikamabwera Loweruka ndisaiwale paketi ya shuga.