Njuchi zikukana kulowa mu ming'oma yanga, ndipakemo chiyani?

Mlimi wa ku Ntchisi:
Akuluakulu, ndapachika ming'oma yamatabwa m'mitengo ya msuku kuseri kwa munda, koma mpaka pano muli mbee. Magulu a njuchi akudutsa pamwamba n'kukalowa m'phanga la mtengo wa mnansi wanga. Wina wandiuza kuti ndiikemo madzi a shuga ngati nyambo. Kodi n'zoona? Matabwa ndinagula ndi ndalama ya mtedza, mtima ukundiwawa.

Gogo wa ku Dedza:
Mwanawe, shuga usayerekeze. Adzabwera ndi nyerere ndi linthumbu, ndipo njuchi zikapeza linthumbu m'nyumba sizikhala. Njuchi zosamuka sizifuna chakudya, zimachoka kwawo zitamwa kale uchi wokwanira. Zimafuna malo onunkhira ngati munakhalapo anzawo. Sungunula sera, upake pa timatabwa tapamwamba ndi pakhomo. Ukapeza phula lakuda lija zimamatira ming'alu, ndiye bwino koposa. Pa waya wopachikira upakepo girisi.

Mayi wa ku Zomba:
Agogo anena zoona. Achimwene, onjezani lemongrass. Fikisani masamba ake m'manja, mukhule m'kati mwa mng'oma. Mukaona njuchi zitaima pakhomo, zitatukula kumbuyo n'kumakupiza mapiko, zimakhala zikumwaza fungo loitana zinzawo, ndipo m'fungolo muli mankhwala onunkhira otchedwa citral, omwenso ali mu lemongrass. Koma pang'ono chabe. Ena amathira mafuta ake mpaka mng'oma kununkha ngati sopo, njuchi n'kubwerera pakhomo pomwe. Fungoli limathanso msanga, ndiye muzibwereza.

Ine sindingazitchule nyambo zimenezi. Nyambo imadyedwa, monga nyongolotsi pa mbedza kapena deya pa diwa la mbewa. Ili ndi fungo lokopa basi, palibe chomwe njuchi ikutafuna.

Mlangizi wopuma ntchito, Kasungu:
Amayi, apo mwalasa. Misampha ya ntchemberezandonda zachilendo zija, zomwe zinachititsa boma kulengeza ngozi mu Disembala 2017, imagwira chimodzimodzi. M'kati muli kamphira kokhala ndi fungo la gulugufe wamkazi wa mbozizi, lotchedwa pheromone, ndipo amuna okha ndi amene amagweramo. Ntchito yake n'kuchenjeza kuti mbozi zayandikira, osati kuzimaliza, ngakhale alimi ambiri ankayembekeza zimenezo. Pomwe msuzi wa bonya wothira shuga womwe amathira m'mitima ya chimanga ndi nyambo yeniyeni: nyerere zimabwera kudzadya, n'kugwira mbozi zomwe. Kuno kufupi ndi nkhalango, kashembe amakopeka ndi nsalu zabuluu ndi zakuda, ndipo fungo la mkodzo wa ng'ombe kapena la mankhwala otchedwa acetone limawonjezera mphamvu.

Bambo a ku Ntchisi, tsegulaninso ming'omayo muone ngati simunalowe mavu kapena abuluzi.

Mlimi wa ku Ntchisi:
Zikomo nonse. Sera ndikapempha kwa mnansi yemwe uja Loweruka. Lemongrass alipo kuseri kwa bafa. Nanga agogo, zisa zakale zouma ndingaikemo, kapena zibweretsa njenjete?