Kamita kobaya pa soketi: ndingadziwe bwanji chomwe chikudya mayunitsi?

Nyenyezi:

Moni nonse. Ndili ndi kamita kotchipa kaja kobaya pa soketi, chipangizo n'kumabayidwa pamwamba pake. Kamaonetsa V, A, W, PF ndi kWh, ndipo kumbuyo kwake kwalembedwa 230 V, 13 A. Mita yaikulu ya nyumba ikuwerenga mayunitsi pafupifupi 11 patsiku, ndiye ndikufuna kudziwa komwe akupita. Pa firiji kamitaka kakulemba 95 W nthawi ina, nthawi ina 0. Ndikhulupirire iti? Komanso ndikachulukitsa 230 V ndi 0.65 A ndikupeza 150, osati 95. Kodi kamitaka n'kowonongeka? Funso lomaliza: giza ndi kuka zilibe pulagi, zinalumikizidwa kukhoma. Zimenezi ndiziyeza bwanji? Thandizeni chonde.

Mphezi:

A Nyenyezi, kamitako kali bwinobwino, ndipo nambala zonse ziwirizo n'zoona. W imakuuzani mmene chipangizo chikukokera magetsi pa nthawi yomwe mukuyang'anayo, pomwe kWh ndi zomwe zaunjikana chibayireni. Mayunitsi omwe timalipira ndi kWh imeneyi: chinthu cha mawati 1000 chikayaka ola lathunthu, yuniti imodzi yapita. Firiji siyaka nthawi zonse. Thermostat imayatsa kompuresa, mkati mukazizira n'kuizimitsa, ndiye 95 ndi 0 zimangosinthana usana ndi usiku.

Chitani chonchi. Fufutani kWh ibwerere pa 0.00, lembani nthawi papepala, bayani firiji, ndipo muisiye maola 48 mukuigwiritsa ntchito monga mwa masiku onse. Zomwe mwapezazo mugawe ndi 2. Tsiku limodzi limasocheretsa, makamaka pa mafiriji osagwira ayezi aja, chifukwa ali ndi kaelementi kosungunula ayezi komwe kamayaka mwa apo ndi apo. Kompuresa ya 95 W ikamayaka maola 10 pa maola 24, mupeza 0.95 kWh patsiku. Mukapeza 2.2 kapena kuyandikira pamenepo, ndiye kuti sikupuma n'komwe, pakuti 95 W kwa maola 24 ndi 2.28 kWh. Zikatero yambani ndi labala wa chitseko: tsekerani pepala pachitseko n'kulikoka, likasololoka mosavuta ndiye kuti mpweya wozizira ukuthawira pamenepo. Onaninso fumbi pa timapaipi takumbuyo, komanso ngati firijiyo yapanikizidwa kukhoma.

Timamita tambiri totchipa timaiwala zonse magetsi akathima, kupatula tomwe tili ndi kabatire mkati. Muzilemba kWh m'mawa ndi madzulo kuti musamayambirenso.

Za 150 ndi 95. V kuchulukitsa ndi A kumapereka VA, osati mawati. Mota imakoka mphamvu ina n'kuibwezanso m'waya isanagwire ntchito iliyonse, ndiye ma amp amaoneka ambiri kuposa ntchito yomwe yachitika. PF (power factor), yomwe ndi mawati kugawa ndi VA, ndiyo imalumikiza ziwirizi: 95 kugawa ndi 150 ndi 0.63, ndipo mukayang'ana pa kamitako mupeza nambala yoyandikira pamenepo. Mita ya pakhomo imawerenga mawati enieniwo, choncho pa nkhani ya mayunitsi gwirani 95. VA mudzaifuna tsiku logula inveta kapena jenereta. Pa ketulo, simbi ndi hita PF imakhala pafupifupi 1, ndiye masamu anu aja amalondola.

Mukafuna kuyesa ngati kamitako kakunena zoona, wiritsani lita imodzi ya madzi m'ketulo. Kutenthetsa lita imodzi ndi digiri imodzi kumafuna 4.186 kJ, ndiye kuchoka pa 20°C kufika pa 100°C ndi 335 kJ, yomwe ndi 0.093 kWh. Kutentha kwina kumatayika, choncho yembekezerani 0.10 mpaka 0.12. Kakalemba 0.05 kapena 0.20, kamenako musakadalire.

Gologolo:

Pa giza ndi kuka simufunika kugula kanthu, mita yaikulu ija ikwanira. Pamaso pake pali kanyali kofiira kophethira, ndipo pambali pake palembedwa nambala monga 1000 imp/kWh. Ena amalemba 1600 kapena 3200, ndiye werengani yanuyo. Ngati ndi 1000, kuphethira kumodzi ndi 1 Wh. Tengani foni, yezani masekondi pakati pa kuphethira kuwiri, kenako gawani 3600 ndi masekondiwo. Masekondi 36 ndi mawati 100, masekondi 3.6 ndi mawati 1000. Ngati mita yanu ndi ya 1600 kapena 3200, yankholo muligawenso ndi 1.6 kapena 3.2. Kanyali kakamathamanga kwambiri, werengani kuphethira 20 n'kugawa nthawiyo ndi 20.

Yambani ndi kutsitsa ma breaker ang'onoang'ono onse mu DB (bokosi la ma breaker la m'nyumba), main switch yokha ikhale mmwamba. Kanyali kayenera kuleka kuphethira. Kakapitirira, pali chinthu cholumikizidwa pakati pa mita ndi DB, kapena waya akutaya magetsi penapake, ndipo iyi ndi ntchito ya mmisiri wa zamagetsi. Kakaleka, kwezani breaker ya giza yokha. Kumbukirani kuti madzi akakhala otentha kale thermostat imakhala yadula, ndiye muona ngati giza sikudya kanthu. Tsegulani mpopi wa madzi otentha kwa mphindi zingapo kuti elementi iyake.

Koma mawati okha sakuuzani zambiri. Chofunika ndi madzi omwe mumatenthetsa. Giza ya malita 150 kuchoka pa 20°C kufika pa 60°C imafuna 150 × 4.186 × 40, ndiye 25,116 kJ, pafupifupi mayunitsi 7. Elementi ya 3 kW imatenga maola 2 ndi mphindi 20 kuti imalize. Onjezerani kutentha komwe kumatayika kudzera m'thanki ndi m'mapaipi ngakhale palibe wasamba. Pa mayunitsi 11 anuwo, ine ndingayambe kukayikira giza, kenako kuka, firiji pambuyo. Chilichonse chotenthetsa chimadya kwambiri kuposa TV, mababu a LED ndi machaja.

Njira yotsimikizira ndi iyi: lembani mita pa ola lomwelo masiku atatu otsatizana giza ikuyaka, kenako masiku ena atatu breaker yake ili pansi. Kusiyanako ndiko giza. Ndipo musatsitse thermostat pansi kwambiri pofuna kusunga mayunitsi. Madzi ofunda ongokhala m'thanki ndiwo amaswetsa tizilombo ta Legionella, n'chifukwa chake amalangiza kusunga madziwo pa 60°C.

Kadzidzi:

Zomwe anena a Gologolo n'zoona, ndipo ndi njira yopanda ngozi. Koma kwa ofuna kuona nambala nthawi zonse osaima pa mita ndi wotchi, pali timamita ta CT. CT ndi mphete ya chitsulo yokulungidwa waya wopyapyala. Waya wa nyumba amadutsa pakati pake, iyo n'kumayeza ma amp popanda kukhudza mkuwa. Zodziwika ndi za Peacefair. PZEM-061 ili ndi kasikirini kake ndi CT ya 100 A. PZEM-004T ilibe sikirini, imatumiza nambala kudzera pa Modbus-RTU, liwiro 9600, kupita ku kakompyuta kakang'ono monga ESP32 kapena Arduino. Yomalizayi ilipo ya 10 A, yomwe magetsi amadutsa mkati mwake, ndi ya 100 A yokhala ndi CT. Ya nyumba yonse tengani ya 100 A. Imagwira ntchito kuyambira 80 V mpaka 260 V.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. M'mphete mudutse waya mmodzi yekha, wamoto, yemwe nthawi zambiri ndi wabulawuni, kapena wofiira pa mawaya akale. Mukalowetsa chingwe chonse chokhala ndi wamoto ndi neutral pamodzi mupeza 0, chifukwa magetsi opita ndi obwerera amafafanizana. Ngati CT ndi ija yotseguka pakati, itsekeke mpaka ilire, ndipo polumikizana zitsulozo pasakhale fumbi. Kampata kochepa kokha kamatsitsa nambala. CT zina zili ndi kamuvi koonetsa mbali, ndipo pa mamita ena mukaitembenuza mawati amaoneka ndi minus kapena osaoneka n'komwe. Mawaya awiri a voltage atengedwe pa phase yomweyo yomwe CT yakolapo, apo ayi PF ndi mawati zonse zikhala zabodza. Adutsenso pa fyuzi yaing'ono, ya 1 A ikwanira.

Chachikulu: musasiye timawaya tiwiri ta CT tili lende pomwe waya wamkulu akuyenda magetsi. CT yopanda kolumikizidwa imatha kutulutsa voltage yaikulu yomwe ingakugwireni kapena kuiwononga. Lumikizani timawayato ku mita kaye, mphete ikolekedwe pomaliza. Dziwaninso kuti mukatsitsa main switch, mawaya ochokera ku mita yaikulu amakhalabe amoto mpaka pa zomangira za switchyo. Ngati simunagwirepo ntchito mu DB, itanani mmisiri. Bokosi la mita yaikulu lomwe lili ndi chidindo cha kampani ya magetsi lokha musalikhudze.

Nyenyezi:

Zikomo kwambiri nonse. Ketulo yalemba 0.11, ndiye kamitako kali bwino. Koma chaja ya foni yopanda foni ikulemba 0.0 W, pomwe dekoda yozimitsa ndi rimoti ikulemba 9 W. Ndipo nditayesa hita ya 2000 W, pulagi ya kamitako inafunda patatha mphindi 30. Zili bwino zimenezi?

Mphezi:

Chaja yopanda foni imakoka pang'ono zedi, kawirikawiri osafika theka la wati, ndipo timamita totchipa sitiona bwino pansi pa 1 W kapena 2 W. Kuti muone kenakake, bayani machaja asanu pa extension imodzi, muyeze onse pamodzi n'kugawa ndi 5. Musataye nayo nthawi yambiri. Wati imodzi yoyaka chaka chonse ndi maola 8760, ndiye mayunitsi 8.76. Chaja ya 0.3 W sifika n'komwe mayunitsi 3 pachaka.

Dekodayo ndiye nkhani ina. 9 W kwa maola 24 ndi 0.216 kWh patsiku, mayunitsi pafupifupi 6.5 pamwezi, ili chizimire. Madekoda ambiri akazimitsidwa ndi rimoti amangothimitsa chithunzi, mkati akugwirabe ntchito. Zoterezi ndi zomwe kamitaka kamagwira bwino: dekoda, router, zokuzira mawu, printer. Zomwe sizifunika usiku zimitsirani pakhoma.

Za kufunda. 2000 W pa 230 V ndi 8.7 A, pansi pa 13 A, ndiye simunapyole malire, omwe ndi pafupifupi 2990 W. Kufunda pang'ono si kwachilendo ayi. Koma kutentha koti simungagwire, fungo la pulasitiki kapena mano a pulagi kuda, zimenezo zikutanthauza kuti penapake sipanagwirane bwino. Kutentha kwa polumikizira kumayenda ndi ma amp kuchulukitsa ndi ma amp omwewo, kenako ndi ma ohm. Polumikizira pa 0.05 ohm pamatulutsa 3.8 W pa 8.7 A, koma pa 13 A ndi 8.5 W, zonsezo pa kachitsulo kochepa kotsekeredwa m'pulasitiki. Yesani soketi ina yogwira zolimba, osadzera pa adaputa kapena extension. Hita ndi simbi sizifunika kuyezedwa usiku wonse: mphindi 5 zikwanira kuona mawati, ola limodzi muli pomwepo likwanira kuona mmene thermostat ikudulira.

Kadzidzi:

Ndiwonjezereko chimodzi. Kamitako musakabaye pa inveta ya modified sine wave. Tambiri totchipa timatenga mphamvu yoyendetsera sikirini kudzera pa capacitor yomwe inapangidwira magetsi osalala a 50 Hz kapena 60 Hz, ndipo magetsi odumphadumpha a inveta yotereyi amatenthetsa resistor ya mkati mpaka kupsa. Pa pure sine wave palibe vuto.

Mukamaliza kuyeza, lembani chipangizo chilichonse ndi kWh yake ya patsiku, muphatikize, kenako muyerekeze ndi mayunitsi 11 aja. Mita yaikulu ya class 1 imalakwitsa ndi 1% yokha, ndiye iyo ndiyo poyezera. Zikasiyana ndi yuniti imodzi musadandaule, ndi mababu ndi tinthu tomwe simunayeze. Zikasiyana ndi mayunitsi 3 kapena 4, bwererani ku ma breaker usiku anthu atagona, muzitsitsa imodziimodzi mukuwerenga masekondi a kanyali kaja, mpaka mupeze yomwe ikukachedwetsa.