Ulendo wa anthu 14 wokayendera akachisi a Ahindu, ndalama zochepa, ndiyambire pati?

Nachisale_Chennai

Moni nonse. Ndili ndi kankhani kondisowetsa tulo nde ndati ndifunse inu amene mwakhalitsa ku India kuno. Ine ndili chaka chachiwiri pasukulu ku Chennai ndipo mnzanga amene timagona chipinda chimodzi ndi Mhindu, kwawo amandisunga ngati mwana wawo, holide iliyonse ndimakakhala komweko. Mayi ake analonjeza kalekale kuti mwanayu akakhoza mayeso adzapita ku kachisi wa paphiri la Tirumala kukathokoza mulungu wawo Venkateswara, nde wakhoza. Azakhali ake atamva akuti nanenso, agogo ake akuti simundisiya, anzathu ena a m'kalasi nawonso alowerera, pano tafika anthu 14 ndipo aliyense akuwonjezera kachisi wake. Panopa akuti Tirumala, Kanchipuram, Madurai, Rameswaram, wina akutinso Kanyakumari eti poti ndi pafupi. Masiku ake asanu okha.

Chandiopsa ndi choti onse agwirizana kuti msungichuma ndikhale ine, akuti poti si ine wa m'banjamo palibe amene adzadandaule kuti ndakondera kkkk. Aliyense wanena kuti sangapitirire ma rupee 6,000, mayendedwe, kogona, chakudya zonse momwemo. Nde ndithandizeni, tikwere sitima kapena tichite hayala kaminibasi ka Tempo Traveller? Anthu ambiri chonchi amagona kuti kotchipa? Agogo ali ndi zaka 74 ndipo mawondo ndi ovuta. Komanso ine ndine Mkhristu, andilola kulowa kapena ndizidzangolondera nsapato panja?

Phiri_wa_ku_Vellore

Achemwali pepani ndi udindowo kkk, ine unandipezapo kawiri. Choyamba tengani mpeni mudule mndandandawo. Amene akuti Kanyakumari ndi pafupi aone kaye mapu, kuchoka ku Rameswaram ndi makilomita pafupifupi 300, tsiku lathunthu lithera mumsewu. Kanchipuram nayo ichotseni, ili pakhomo penipeni pa Chennai, makilomita osakwana 80, mutha kudzapita Loweruka lina lililonse pa basi wamba m'mawa n'kubwerako madzulo. Zitsale zitatu, Tirumala, Madurai ndi Rameswaram, ndipo zitatuzo pa masiku asanu muzimva kuwawa ndithu.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera, musayambe kugula matikiti a sitima. Yambani ndi tikiti ya darshan ku Tirumala, ndiye kuti nthawi yanu yolowa kukaona Venkateswara uja. Bungwe loyendetsa kachisiyu, TTD, limatulutsa matikiti a ma rupee 300 pa webusaiti yawo kutatsala miyezi pafupifupi itatu ndipo amatha ngati moto wa paudzu, tsiku limene mwapeza ndi limene lidzalamule ulendo wonsewo. Simungagule onse 14 pa akaunti imodzi nde konzekerani anthu atatu akhale pa foni nthawi imodzi, aliyense ali ndi mayina ndi manambala a ziphaso atalemberatu, anzanuwo Aadhaar, chiphaso chawo cha ku India kuno, inu pasipoti, ndipo chiphaso chomwecho mudzachinyamule chifukwa pakhomo amayang'ana. Ilipo njira yaulere, Sarva Darshan, koma kumeneko munthu amatha kukhala pamzere maola oposa 12 kukakhala anthu ambiri, ndi agogo a zaka 74 musayerekeze. 300 kuchulukitsa ndi 14 ndi 4,200 basi gulu lonse, ndalama imeneyo musaiumire.

Zina zonse pamwamba paphiripo n'zosavuta m'thumba. Chakudya ndi chaulere ku nyumba yaikulu ya Annaprasadam, mumakhala pamzere wa matebulo iwo n'kumadutsa ndi ndowa za mpunga ndi sambar, ukafuna kuwonjezera amawonjezera. Mabasi ozungulira m'kati mwa Tirumala ndi aulere, kumeta mpala ku Kalyanakatta kwa amene analonjeza tsitsi lawo n'kwaulerenso, laddu, kachakudya kotsekemera kobulungira, amakupatsa mmodzi ukatuluka, owonjezera ndi amene umagula pa 50 ndipo ndikuuzirenitu azakhaliwo adzafuna khumi oti akagawire aneba, zimenezo alipire okha zisalowe m'thumba la gulu.

Za sitima, kuyambira pa 1 Novembala 2024 matikiti amatsegulidwa kutatsala masiku 60, kale anali 120, nde werengani chobwerera m'mbuyo mulembe tsikulo pakhoma. Pa IRCTC, webusaiti yogulira matikiti a sitima, tikiti imodzi imatenga anthu 6 okha. Tengani Sleeper, mabogi a mabedi opanda makina oziziritsa, osati AC, ndipo mitunda yaitali muyende usiku, sitimayo ikhale hotela yanu, mwapulumutsa chipinda cha usiku umodzi kwa anthu 14. Ilipo sitima yochoka ku Tirupati, tauni ya m'munsi mwa phiri la Tirumala, kudzera ku Madurai mpaka Rameswaram koma siyenda tsiku lililonse, muone ngati ikugwirizana ndi darshan yanu. Agogo musawalembe pamodzi ndi gulu, alembeni awiri okha ndi mayi aja pa tikiti yawoyawo, amayi a zaka 45 kupita m'tsogolo ndi abambo a zaka 60 ali ndi gawo lawo la mabedi apansi akakhala mmodzi kapena awiri pa tikiti, mukawasakaniza ndi achinyamata kompyuta itha kuwaponya bedi lapamwamba nde muzikapempha anthu osawadziwa usiku. Kuchotsera mtengo kwa okalamba kuja anaimitsa mu 2020 nde musakuwerengere.

Achinyamata ngati akufuna akwere phiri la Tirumala wapansi kudzera njira ya Alipiri, masitepe 3,550, katundu amakunyamulirani ulere n'kukamupeza pamwamba.

NaBanda_Coimbatore

Achimwene a Phiri anena zoona zambiri koma pa masitepe paja ndiye ayi, mwangodutsapo ngati nkhani yaing'ono kkkk. Ine ndinakwera, masitepe oyambirirawo mpaka pa nsanja ya Gali Gopuram ndi chiphiri choimirira, azimayi ena akukwera chowerama akupaka ufa wachikasu ndi wofiira pa sitepe iliyonse pokwaniritsa lonjezo lawo, ine wongoyenda chabe ndinafika pamwamba miyendo ikunjenjemera ngati ya mwana wa mbuzi wongobadwa kumene, m'mawa mwake kutsika pabedi kunali kokambirana. Ndiye ganizirani mukatero usiku womwewo mukwere sitima, m'mawa muyende m'kachisi wa ku Madurai opanda nsapato. Ngati alipo olimbikira adzere njira ina ya Srivari Mettu, masitepe ndi pafupifupi 2,400, ndi yaifupi. Komanso ngati muli ndi ana dziwani kuti chichitikireni ngozi ya kambuku amene anapha kamtsikana pa njira ya Alipiri mu Ogasiti 2023 anakhwimitsa malamulo a ana panjirayo, masana akapita sawalola.

Za galimoto, ine sindingaikane yonse. Kuchoka ku Chennai kupita ku Tirupati ndi pafupi, maola atatu kapena anayi, gawo limenelo lokha kuchita hayala n'kothandiza chifukwa cha agogowo, masiteshoni a sitima ali ndi milatho ya masitepe ndipo sitima siyembekeza munthu wa mawondo. Koma ulendo wonse pa Tempo Traveller ayi. Mtengo umene amakuuzani pa foni ndi wa pa kilomita basi, pambuyo pake pamabwera bata, ndalama ya dalaivala ya tsiku lililonse, matolo geti, kupaka galimoto pa kachisi aliyense, msonkho wolowera ku Andhra Pradesh poti galimoto ndi ya ku Tamil Nadu, komanso amawerenga makilomita a tsiku ngakhale galimoto itangoima pansi pa mtengo. Ife tinagwirizana mtengo wina, pobwera dalaivala anatulutsa kapepala kake ndalama itakwera moti tinachita kusonkherana pa malo omwetsera mafuta, wina mpaka analira. Mukafuna hayala auzeni akulembereni zonse pa WhatsApp musanapereke kakhobiri.

Koma chimene ndalembera makamaka ndi chanu inuyo mwini, Form C. Malo ogona alionse ku India akalandira mlendo wa kunja amayenera kumulembetsa ku boma, ndipo malo ambiri otchipa, ma dharamshala (nyumba zogona odzapembedza) ndi timaloji ta pafupi ndi akachisi, sachita zimenezo nde amangokana. Ine zinandichitikira ku Madurai cha m'ma 11 usiku, anzanga onse asanu alandira makiyi, mnyamata wa pa kauntala atangoona pasipoti yanga anaibweza ndi zala ziwiri ngati yotentha, tinayenda maloji anayi ndi zikwama kumutu. Nde poimba foni yosungitsa malo nenani poyera kuti pali mmodzi wa pasipoti ya kunja, ndipo munyamule mafotokope a pasipoti, viza ndi pepala la FRRO, ofesi yolembetsa alendo a kunja. Ku Tirupati yang'anani kaye nyumba za TTD, Vishnu Nivasam ili moyang'anizana ndi siteshoni ya sitima, Srinivasam ili kufupi ndi depoti ya mabasi.

Mwale_K

Pa funso lanu lomaliza lija. Ku Tirumala amene si Mhindu amalowa koma amasaina kaye fomu yonena kuti ali ndi chikhulupiriro ndi ulemu kwa Venkateswara, muiwerenge bwino nokha muone ngati mtima wanu ukulola, ine mnzanga wina anasaina wina anakana n'kutidikira panja, onse awiri sindinawaone cholakwa. Ku kachisi wa Meenakshi ku Madurai mumayenda m'mabwalo ndi m'makonde, mumaona dziwe lija ndi holo ya zipilala 1,000, koma m'kati mwenimweni muli chikwangwani choti Ahindu okha. Ndipo mu Januwale 2024 khoti lalikulu la Madras linagamula pa mlandu wa kachisi wa ku Palani kuti amene si Ahindu asapitirire pa mzati wa mbendera, nde ku Tamil Nadu mukaona mzati wautali wokutidwa ndi chitsulo chonyezimira funsani kaye musanadutse. Osakangana ndi alonda, ndi nyumba yawo yopemphereramo.

Zovala, jinzi ndi kabudula siyani. Azibambo dhoti (nsalu yomanga m'chiuno) kapena pyjama ndi malaya, azimayi sari kapena churidar (malaya aatali ndi thalauza) yokhala ndi dupatta, mpango wautali wa paphewa. Mafoni salowa ku Tirumala ngakhalenso ku Meenakshi, mumasiya pa kauntala, nde gwirizanani malo okumanirana musanalowe chifukwa m'katimo mukasochererana palibe kuimbirana.

Nachisale_Chennai

Zikomo kwambiri nonse, za Form C sindinkazidziwa n'komwe, ndikanagona pakhonde ine msungichuma kkkk. Ndawauza za kuchotsa Kanyakumari, amalume amene anaitchula akwiya pang'ono koma agogo anena mawu amodzi okha onse ziii. Agogowo akuti kwawo chachikulu ndi Rameswaram, akufuna akasambe m'zitsime zija komanso akachite mwambo wokumbukira amuna awo amene anamwalira. Ndiye funso lina, ku Rameswaram tsiku limodzi likwana? Ndipo ndalama ndizisunga bwanji kuti tisadane, pakuti ena ayamba kale zoti ndidzapereka tikafika.

Phiri_wa_ku_Vellore

Wa ndidzapereka tikafika ameneyo musamugulire tikiti, basi. Ikani tsiku lomaliza, amene sanatumize gawo la sitima ndi darshan pa UPI, njira yotumizira ndalama pa foni, dzina lake lisalowe, chifukwa tikiti ya 300 ija sabweza ndalama ndipo simungasinthe dzina kuti apite wina. Ine ndimagawa pawiri, thumba la gulu ndi la sitima, zipinda, mabasi ndi darshan, pomwe zopereka m'hundi (bokosi la zopereka), archana (pemphero lotchula dzina lako), maluwa, kokonati, wansembe wa mwambo wa agogo ndi zogula zokumbukira aliyense payekha, apo ayi mudzapeza ana asukulu akulipirira mapemphero a azakhali. Chilichonse mwalipira jambulani lisiti muponye pa gulu la WhatsApp nthawi yomweyo, ndipo musunge kangachepe kapadera komanso ndalama zing'onozing'ono za m'manja, ma 10 ndi ma 20, zosungitsira nsapato ndi mafoni.

Rameswaram tsiku limodzi likwana ngati mwagona komweko n'kudzuka mbandakucha. Amayamba kusamba m'nyanja pa Agni Theertham, pomweponso ndi pamene amachitira mwambo wa omwalira uja, mtengo mugwirizane ndi wansembe asanayambe ndipo alankhule ndi mayi aja m'Chitamil osati inu, akangoona nkhope yachilendo mtengo umasintha. Kenako m'kachisi wa Ramanathaswamy muli zitsime 22, pa chilichonse pali munthu amene amatunga ndi kandowa n'kukukhuthulirani pamutu, mukuyenda chonyowa pa miyala yoterera nde agogo agwiridwe mbali zonse ziwiri. Gulani tikiti pa kauntala ya kachisi, panja pali anyamata a ndowa zawo amene amakulonjezani kudumpha mzere pa mtengo wokwera kangapo. Zovala zonyowa salola kulowa nazo ku darshan nde aliyense anyamule zosinthira m'jumbo ya pulasitiki. Masana akachisi a ku Tamil Nadu amatseka mpaka cha m'ma 3 kapena 4, nthawi imeneyo ndi yopita ku Dhanushkodi, tauni imene inakokoloka ndi namondwe mu 1964, kwatsala makoma a tchalitchi ndi a siteshoni mumchenga.

Masiku opewa, Epulo ndi Meyi miyala imaotcha mapazi komanso ku Madurai kumakhala chikondwerero cha Chithirai, chikondwerero cha Brahmotsavam ku Tirumala cha mu Seputembala kapena Okutobala, ndi chikondwerero cha Vaikunta Ekadasi cha kumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale, paja pa 8 Januwale 2025 anthu 6 anafa popanikizana pa mzere wa matokeni ku Tirupati. Ku Rameswaram tsiku la mwezi wakuda, Amavasai, kumadzaza anthu a mwambo womwewo, nde afunseni agogo ngati akufuna tsiku limenelo lenileni kapena lina lililonse.

NaBanda_Coimbatore

Ndipo mukamalowa ku Rameswaram pa sitima wina asagone, mlatho watsopano wa Pamban anautsegulira mu Epulo 2025, anaumanga pambali pa wakale wa 1914 uja, nyanja uku ndi uku. Agogo muwakhazike pa windo. Inu achemwali ku zitsime kuja ngati simukusamba nawo mudzakhala wonyamula majumbo a zovala zouma a anthu 13, nde pitani ndi chikwama chachikulu.