Kuchoka ku KIA kupita ku Zomba ndi ana komanso agogo, tinyamuke tsiku lomwelo kapena tigone?

Mayi wa ku Matawale

Abale ndithandizeniko maganizo. Tili kuno ku Manchester kwa achemwali anga, tinabwera holide ya Khrisimasi ine, bambo akunyumba, ana atatu ndi apongozi anga omwe miyendo imawavuta. Tikubwerera kumudzi kumayambiriro kwa Januwale. Matikiti tinagula otsikira ku Lilongwe poti nthawi imeneyo ndi omwe anali otsikirako mtengo, ndiye pano mutu wayamba kundizungulira. Ndege ikunyamuka ku London usiku, tikasintha ku Addis Ababa mmawa, ku KIA tikufika masana cha mma 1 kapena 2 koloko, ndipo kumbukirani kuti tisanakwere ndegeyo tikhala titayenda kale pa basi kuchoka kuno kupita ku London. Bambo akuti tikangotuluka pa eyapoti tikwere galimoto basi mpaka ku Zomba tikagone pakhomo pathu, koma ine ndikuona ngati agogo ndi kamwana kakang'ono (kali ndi zaka 3) satha. Ana awiri akuluwo sukulu akutsegulira Lolemba lake. Amene munayendapo ulendo ngati umenewu ndiuzeni zoona, tinyamuke kapena tigone ku Lilongwe? Katundunso ndi wambiri zedi, masutikesi okhaokha sangakwane mgalimoto yaing'ono.

Bambo wa ku Chinamwali

Mayi gonani. Ndikunena izi chifukwa ife tinachita zomwe amuna anu akunenazo ndipo mpaka pano mtima umandipweteka ndikakumbukira mmene ana anafikira. Pa pepala zimaoneka zophweka, mumati ndege yatera 1 koloko, ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 300, ndiye pofika 6 tili kunyumba. Koma ndege kutera si kutuluka ayi. Pali mzere wa mapasipoti, kudikira masutikesi pa lamba, a MRA akufuna aone zomwe mwanyamula makamaka akaona katundu wambiri ngati wanuyo, kenako kumanga katundu pagalimoto, ana akufuna kutoileti, wina akufuna chakudya. Ndiye KIA ili ku Lumbadzi, kumpoto kwa tawuni, kutanthauza kuti muyenera kudutsa mu Lilongwe yense nthawi yomwe anthu ayamba kuweruka. Ife mdima unatipeza tisanafike ku Ntcheu.

Ndipo inu mukubwera Januwale, nthawi ya mvula. Ku Dedza ndi ku Bembeke kumachita chifunga choti dalaivala amayenda atasuzumira kutsogolo, galasi akupukuta ndi dzanja. Mukakhota pa Chingeni kulowera ku Balaka ndi Liwonde kumakhala anjinga opanda nyali atanyamula matumba a makala, mathiraki akukuwalitsani mmaso. Mwana wanga wamkazi anali atavalabe jekete lake lakunja lija, pofika pa Liwonde thukuta lili kamukamu chifukwa kumeneku ndi kotentha ngakhale usiku, anasanza pa mpando, tinaima pafupi ndi mlatho wa Shire kumupukuta ndi madzi a mbotolo udzudzu ukutiluma. Kukwera mapiri a Machinga aja aliyense anali chete, mayi akunyumba akungopemphera chamumtima. Malosa, Domasi, Songani tinadutsa ana ali mtulo tofa nato, kufika pa geti kuwanyamula ngati matumba a chimanga. Ndiye inu muli ndi agogo a miyendo yovuta omwe akhala kale pampando wa ndege maola 8 kenako ena pafupifupi 4, miyendo imatupa imeneyo. Pezani loji kapena wachibale ku Lilongwe, asambe, agone atatambasula miyendo, mmawa 6 koloko nyamukani. Mudutsa pa Lizulu kukuwala mugulenso mbatatesi ndi kabichi zokayambira kunyumba.

Che Dalaivala wa pa depoti

Achimwene a ku Chinamwali anena zoona. Ine msewu umenewu ndi munda wanga ndipo usiku nthawi ya dzinja sindimaukonda, maenje amabisala mmadzi. Chomwe ndionjezere ndi chakuti anthu 6 ndi masutikesi musaganize za galimoto yaing'ono, pezani Sienta ziwiri kapena kaminibasi kamodzi, ndipo ngati katundu wina akwera pamwamba pakhale lona. Gwirizanani mtengo musanakwere ndege, mufunse ngati mafuta ndi tolugeti ya pa Kalinyeke zili momwemo. Dalaivalayo athiriretu fulu thanki dzulo lake, osati muzikasaka mafuta muli ndi ana mgalimoto.

Asisi a ku Mulunguzi

Ine funso langa ndi lakuti mwayesa kufunsa kosintha tikiti kuti mutsikire ku Chileka? Chifukwa ife a ku Zomba eyapoti yathu ndi imeneyo, ku Lilongwe timangodzivutitsa. Kuchoka pa Chileka kudutsa mu Blantyre, Limbe, Njuli, Namadzi, Thondwe, ola limodzi ndi theka kapena awiri mwafika, dzuwa lisanalowe muli pakhonde panu. Ndege zochokera ku Addis zimateranso ku Blantyre, komanso za ku Johannesburg. Afunseni a ejenti omwe anakugulitsani matikiti, inde pakhala chindapusa pa munthu aliyense ndiye kwa anthu 6 chikhoza kukwera, koma muwerengere bwinobwino: loji ya ku Lilongwe, chakudya cha usiku ndi mmawa, galimoto ya ulendo wautali kupita ndi kubwera poti dalaivala amakulipiritsani njira zonse ziwiri. Nthawi zina ndalama zake zimangofanana.

Chinanso chomwe anthu saganizira ndi katundu kutsalira. Kwa ife sutikesi imodzi sinatuluke pa lamba, inatsalira komwe tinasinthira ndege, ndipo inali yomwe munali nsapato za sukulu za ana. Zikakuchitikirani musatuluke pa eyapoti musanalembetse, pali kauntala yake, amakupatsani fomu yokhala ndi nambala, ndiye timapepala tija amamata kuseli kwa tikiti popereka katundu musatitaye, ndi timene amafufuzira. Sutikesi ikabwera tsiku lotsatira inu muli kale ku Zomba, kubwerera ku Lumbadzi kukaitenga ndi ulendo winanso wathunthu, pomwe ku Chileka mumangopita mmawa nkubwerako masana. Ngati mugona ku Lilongwe ndiye bola, mmawa mutha kuimba kaye musananyamuke.

Mankhwala a agogo, zovala zosinthira kamwanako, chaja ndi pawabanki zikhale mchikwama cha mmanja. Pawabanki saloledwa nkomwe kulowa musutikesi yopita pansi pa ndege. Ndipo zovala za aliyense muzigawe mmasutikesi osiyanasiyana, osati munthu mmodzi sutikesi yake yake, kuti imodzi ikasowa wina asakhale opanda chovala.

Mayi wa ku Matawale

Zikomo nonse, ndawawerengera bambo mayankho anu ndipo pa nkhani ya chifunga cha ku Dedza angoti zii. Asisi a ku Mulunguzi tafunsa za ku Chileka, mipando ya anthu 6 tsiku limenelo palibe poti aliyense akubwerera ku holide, ndiye zikuoneka kuti tigona ku Area 25 kwa malume awo a bambo, ndi kufupi ndi njira ya ku eyapoti. Nanga agogo pa Addis paja, ndamva kuti pamakhala kuyenda ndithu komanso kukwera timabasi topita pa ndege, atha bwanji?

Anamwino a ku Sadzi

Mayi pemphani wilitcheya panopa musanafike tsiku, kudzera kwa ejenti kapena pa webusaiti ya ndegeyo, salipiritsa. Amakawatenga pakhomo la ndege nkuwakankha mpaka pa geti ina, ndipo nthawi zambiri banja lonse limadutsa nawo limodzi. Agogo ena amakana amati ine sindine wodwala, muwanyengerere ndithu. Mundege aziimirira pakapita kanthawi nkuyendako mkanjira kaja, azigwedeza mapazi ali pampando, azimwa madzi ngakhale akuopa kupita kutoileti pafupipafupi. Mukafika, mwendo umodzi ukatupa kuposa unzake nkumapweteka kapena kutentha, kapena akayamba kubanika, musadikire kuti ndi kutopa chabe, thamangirani nawo kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa magazi amatha kuundana mmitsempha munthu akakhala pansi nthawi yaitali.

Za tulo musadandaule kwambiri, nthawi ya kuno ndi ya ku UK zimasiyana maola 2 okha miyezi imeneyi, ana azolowera msanga. Chomwe ndimaopa ine ndi malungo. Mukuchoka kozizira kopanda udzudzu nkufika Januwale weniweni, ndiye maneti akhale atapachikidwa kale, ku Area 25 komweko ndi ku Matawale komwe. Mutume munthu akatsegule mawindo nyumba ipite mphepo, Zomba ndi chinyontho chake mukudziwa nokha mmene zofunda zimanunkhira nkhungu nyumba ikakhala yotseka. Aonenso mayunitsi a magetsi ngati alipo ndi zomwe munasiya mufiliji.

Bambo wa ku Chinamwali

Ndaiwala chimodzi. Achibale musawauze onse tsiku lenileni lofikira. Anthu amabwera ndi chikondi ndithu kudzalonjera ndi kudzaona zomwe mwawatengera, koma inu mudzakhala musanamasule nkomwe masutikesi, ana akufunika yunifolomu yochapa ndi kusita Lolemba lisanafike. Auzeni abwere wikendi inayo, agogo atapumula, adzawafotokozere okha za chisanu cha ku Manchester. Ndipo simu kadi ya kuno muiike pafupi, mukangotera muyatse foni muwaimbire a dalaivala adziwe kuti mwafika.