Phala likutha Sitandade 7 ndi 8 asanalandire, vuto lili pati?

A hedi, dera la Luchenza:
Anzanga, ndithandizeni nzeru. Sukulu yathu ndi ya Katolika, ana m'kaundula alipo 640 koma obwera tsiku ndi tsiku amakhala ngati 600. Otipatsa ufa anati thumba la makilogalamu 20 lizidyetsa ana 200, ndiye timatulutsa matumba 3 patsiku. Mbaula zilipo ziwiri, mapoto ake a malita 100, choncho thumba lachitatu limadikira poto woyamba aphulidwe. Chitsegulireni sukulu mu Januwale, phala likumatha Sitandade 7 ndi 8 asanalandire. La poto wachitatu limatuluka la madzimadzi, lonunkha kupserera. Amayi ophika amachokera m'miphakati ya parishi, ndipo masiku ena akumabwera 3 m'malo mwa 8. Makolo ayamba kunong'onezana kuti ufa ukubedwa, chonsecho buku la sitoko ndi matumba zikugwirizana.

Mphunzitsi woyang'anira phala, Chitakale:
A hedi, musanayitane munthu aliyense, yezani chogawira. Thumba limodzi limafuna ndowa 4 za malita 20, ndiye kuti madzi malita 80. Mukathira ufa, n'kuchotsapo otuluka ngati nthunzi, phala limakhala pafupifupi malita 90. Gawani kwa ana 200, aliyense ndi mamililita 450. Tsono ngati kapu yogawira imalowa 550 ikadzaza, poto mmodzi akwanira ana 163 okha. Ana 37 asowa pa poto aliyense, pa mapoto atatu ndi ana 111. Werengani Sitandade 7 ndi 8 yanu muone ngati sakuyandikira pamenepo.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Tengani botolo lamadzi la mamililita 500, lidzazeni, mukhuthulire m'kapu yogawirayo. Madzi onse akalowa malo n'kutsala, kapuyo ndi yaikulu. Mutayeko pang'ono kuti atsale 450, pamene madzi alekezera mudulepo ndi mpeni wotentha. Mzera wa penti sukhalitsa, komanso dzanja la mayi wachifundo limaupitirira. Zogawira zonse zikhale zofanana ndipo zizigona ku ofesi.

Wachiwiri kwa a hedi, Bvumbwe:
Bwanji osangoyambira Sitandade 8 n'kumatsika? Iwowa ali ndi mayeso a MANEB ndipo amaweruka mochedwa.

Mphunzitsi woyang'anira phala, Chitakale:
Ayi achimwene, pamenepo mwangosamutsa njala. Idzagwera a Sitandade 1, omwe ambiri amachoka kunyumba osalawa kanthu ndipo amaweruka msanga. Chofunika n'chakuti phala ligawidwe m'ndowa mwana aliyense asanayandikire. Ikamakwana 7:30 mphunzitsi aliyense atumize kapepala ka chiwerengero cha ana amene abwera tsikulo, osati cha m'kaundula. Ndowa ya malita 20 imatulutsa makapu 44. Kalasi ya ana 88 ndi ndowa 2, ya ana 66 ndi ndowa imodzi ndi theka. Ndowa za makalasi aakulu zithiridwe, zivundikiridwe, ziikidwe pambali. Mzere umodzi wa sukulu yonse pa poto ndiwo umabisa ana obwereza kawiri, amatsuka kapu pa mjigo n'kudzaimanso kumbuyo.

Wapampando wa komiti ya phala, Chonde:
Aphunzitsi anena za muyeso, ine ndinene za poto wachitatuyo. Amapserera pa zifukwa ziwiri. Choyamba, amayi amaphula phala loyamba n'kuthira madzi ena pamwamba pa nkhoko osapala, chifukwa nthawi yawathera. Nkhoko zija zimapsa, fungo n'kulowa m'phala lonse. Poto apalidwe, atsukidwe, madzi alowe kaye asanabwerere pa mbaula, popeza mbaulayo imakhala itatentha kale. Chachiwiri ndi kuthira ufa wouma m'madzi owira. Umapanga zibuluma zomwe zimamira n'kukakamira pansi.

Aziphika motere. Ndowa 2 za madzi azithire mu poto ziwire. Ufa augawe m'mabeseni awiri, makilogalamu 10 lililonse, asungunule ndi ndowa imodzi ya madzi ozizira pa beseni mpaka usalale. Athire pang'onopang'ono wina akuvundula ndi mthiko wautali wofika pansi. Likayamba kubwata achotse nkhuni zina, lipse ndi moto wochepa kwa mphindi 20 kapena 30, mthiko usaime. Ovundula azisinthana awiri pa poto. Mayi mmodzi sangavundule malita 90 kwa theka la ola, dzanja likatopa amangoyendetsa pamwamba, pansi pakupsa.

Mbaula izi sizifuna zipika. Nkhuni zitatu zowaza, zonenepa ngati mkono wa mwana, zigone pa kachitsulo koikapo nkhuni m'mbaulamo, kunsi kwake kukhale pululu kuti mpweya uzilowa. Phulusa lichotsedwe m'mawa uliwonse. Mukaona utsi wambiri, mwina kunsi kwatsekeka kapena nkhuni n'zaziwisi. Nyengo ino ya mvula, ngakhalenso ya chiperoni mu Juni ndi Julaye, nkhuni za mawa zizigona m'khitchini pafupi ndi mbaula. Mapesi a nandolo ndi abwino poyatsira, koma amanyeka msanga, sangawiritse poto paokha.

Mlangizi wa zaumoyo, Thyolo:
Ndiikepo limodzi, ndipo chonde musalipeputse. Phala la madzimadzi likusonyeza kuti amayi akaona kuti silikwana akumawonjeza madzi litapsa kale. Ngati madziwo ndi osawiritsa, ana 200 amwa za pachitsime nthawi imodzi. Kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbukira. Madzi owonjezera awiritsidwe, apo ayi osawonjeza. Otsukira makapu ndi osamba m'manja athiridwe WaterGuard, kachivundikiro kamodzi pa malita 20, adikire mphindi 30. Makapu azitsukidwa pothira madzi kuchokera m'ndowa ya mpopi, osati kuwaviika onse m'beseni limodzi.

Sisiteri, mphunzitsi wa Sitandade 4, Mulanje:
A hedi, zonse zanenedwazi zimafuna anthu 8, ndipo inu muli ndi 3. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi amaphuka kwambiri. Amayi ambiri amalawirira kukathyola ku esiteti kapena m'minda yawo, enanso ali pa kupalira ndi kubandira. Nthawi yoyatsa moto wa phala ndi yomweyo yolawirira. Si ulesi ayi.

Koma cholakwika chachikulu ndi kupachika ntchitoyi pa miphakati. Sukulu ndi ya mpingo, inde, koma ana odya phala ndi a CCAP, a Adventist, Asilamu ndi ena ambiri. Ndandanda ikalembedwa ndi mayina a miphakati, kholo la mpingo wina limati izo n'za Akatolika, ndipo silikulakwa kuganiza choncho chifukwa palibe analiyitana. Mphakati wa mabanja 20 sungaphikire ana a midzi 6 chaka chonse.

Lembani ndandanda potsata midzi. Mu kaundula muli mudzi wa mwana aliyense. Mudzi wa ana ambiri utenge masiku ambiri. Itanani a gulupu, anyakwawa, komiti ya sukulu, PTA ndi gulu la amayi, bambo mfumu kapena akatekisiti akhalepo ngati eni sukulu. Mudzi uliwonse usankhe anthu 10 pa tsiku lake, 8 ophika ndi 2 oyembekezera, mayina asungidwe ndi nyakwawa. Amene amathyola tiyi apatsidwe ntchito yosawombana ndi m'mawa: kutunga madzi madzulo, kuwaza nkhuni, kukwecha mapoto masana. Abambo alowemo, kuwaza nkhuni ndi kuvundula poto wamkulu sizinalembedwe kuti n'za amayi. Miphakati, Amayi Achikatolika ndi a Legio asachotsedwe, akhale otseka mipata pakagwa maliro m'mudzi wa tsikulo, chifukwa maliro akagwa mudzi wonse subwera.

Wachiwiri kwa a hedi, Bvumbwe:
Za kuyambira Sitandade 8 ndazisiya, ndowa zandigwira mtima. Ndiwonjezere pa za a Sisiteri: kuno ku Thyolo, makamaka cha ku Makwasa kufupi ndi Malamulo, a Adventist ndi ambiri. Tsiku la nkhuni mukaliika Loweruka mwawatsekera kunja. Sankhani tsiku la pakati pa sabata lokomera onse. Pewaninso kupatsa mudzi tsiku la msika umene anthu ake amagulitsako. Chilengezo chisathere pa Misa ya Lamulungu ku parishi, kalata yomweyo ipite ku nthambi zonse, ku mipingo ina ndi ku mzikiti.

A hedi, dera la Luchenza:
Ndayeza m'mawa uno pamaso pa amayi. Kapu imodzi yogawira yalowa botolo lonse malo n'kutsala, inayo ndi yocheperako pang'ono poyerekeza ndi yoyambayo. Sitandade 7 ndi 8 lero anali 104. Tadula zonse ziwiri. Msonkhano wa mafumu ndauika Lachinayi, a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'dera lathu, ndawadziwitsa. Chatsala ndi mphekesera ya kuba ija, ndiyithetse bwanji? Komanso amayi ophika amabwera ndi ana aang'ono kumsana, nawonso amamwa.

Wapampando wa komiti ya phala, Chonde:
Pa chitseko cha sitoko pakhale maloko awiri, kiyi wina kwa inu, wina kwa wa komiti amene si mphunzitsi. Potulutsa ufa asayine anthu atatu: mphunzitsi wa phala, wa komiti ndi mtsogoleri wa ophika a tsikulo. Matumba opanda kanthu asaperekedwe kwa munthu mpaka Lachisanu, awerengedwe pamodzi ndi otsala, 15 pa sabata ya masiku 5. Pakhoma la khitchini lembani ndi choko tsiku lililonse: ana obwera, matumba otuluka, otsala m'sitoko. Lachinayilo mafumu alowe m'sitoko awerenge okha. Aonenso kuti matumba ali pa mathabwa, atalikirana ndi khoma, ndipo akale ndiwo akuyamba kutuluka, chifukwa chinyezi cha kwathu kuno chimagwiritsa ufa chuku msanga.

Za ophika ndi ana awo, funsani woyendera wa bungwe lokupatsani ufa kuti lamulo lawo likuti chiyani, yankho mulilembe m'buku la komiti. Ngati amaloledwa, makapu awo awerengedwe pa kapepala ka m'mawa ngati kalasi ina, ndipo azimwa ndowa za makalasi onse zitachoka.