Thandizeni: inverter mu Hilux, kodi batire lachiwiri ndi lofunikadi?

Akuluakulu, muli bwanji nonse? Ndili ndi Toyota Hilux ya dizilo yomwe ndikuikonzera ulendo wa ku Mfuwe, kudzera Great East Road mpaka ku Chipata. Zambiri ndapanga ndekha pakhomo pano ku Chilenje: matayala a m'tchire, chitsulo chotchinga kunsi kwa injini, ndi nyali zowonjezera kutsogolo. Pomwe pandimangitsa mutu ndi pa inverter.

Ndikufuna ya 1000W yosintha 12V kukhala 230V, yoti ndizitchajira laputopu ndi mabatire a kamera, komanso kuyatsira kafiriji usiku. Nditawerengera, ikamagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse imakoka ma amp opitirira 80 kuchokera ku batire. Ndiye waya wake ukhale wonenepa bwanji ndikaiika kuseri kwa mpando wakumbuyo? Fyuzi ndikudziwa kuti imakhala pafupi ndi batire, koma ya ma amp angati?

Nkhani ina ndi ya batire lachiwiri. Makaniko wina akuti ndingolumikiza ku batire lolizira injini basi. Ine zimenezo sizikundilowa. Batire likathera pakati pa tchire la Luangwa, adzandikankha ndani, njovu? Inu amene munaikapo, isolator wamba (kachipangizo kolekanitsa mabatire awiriwa injini ikazima) ikwanira, kapena ndigule DC-DC charger (tchaja yodzazira batire lachiwiri injini ikamalira)?

Ku Kamwala ndaonako ma inverter otchipa a modified sine wave, omwe magetsi ake safanana kwenikweni ndi a m'nyumba. Kodi saononga tchaja ya laputopu, kapena ndingolimba mtima ndigule ya pure sine wave, yotulutsa magetsi ofanana ndi a m'nyumba? Nanga waya wa kopa weniweni ndingaupeze kuti muno mu Lusaka?